Bodza Limene Ndinaphunzitsa Makina Osankha Fodya

Olemekezeka oimira Bwanamkubwa wa boma lathu la Kasungu. Olemekezeka Agogo Chalo ndi mafumu onse amene mwawaperekeza. Abusa athu, ndi inu bambo mfumu amene mwachokera ku Nkhamenya pa njinga yamoto, fumbi lili m'nsidze. Alangizi a zaulimi. Mayi Vailet Kamanga, wapampando wa kopaletivi yathu ya Mdyankhanga, pamodzi ndi komiti yanu yonse. Mayi Dorika ndi bambo Lucious, amisiri a nyumba imene tabwera kudzatsegulayi. Alimi anzanga, amayi ndi abambo amene mwasiya nazale zanu kudambo kuti mudzakhale pano, ndakulonjerani nonse, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndiime pamaso panu.

Kwa alendo amene simukundidziwa, ine ndine Amosi Mphonde, mfunda wanga ndi Mbewe. Pakhomo pa sukulu sindinapondepo, ndipo sindinachitepo nazo manyazi. Anzanga onse amene alankhula pano anali ndi pepala m'manja. Ine pepala ndilibe, ndipo mukanandipatsa ndikanangokulungira chingambwe. Chimene ndili nacho ndi zala izi ndi maso awa, zimene zasankha fodya kwa zaka makumi asanu, kuyambira m'maesiteti a ku Simlemba mpaka m'zigafa za kuno ku Chamama. Alipo pano amene belo lake linabwezedwa ku okushoni nditalisankha ine? Aimike mkono. Mwaona, palibe. Mudzandikhululukire kudzitamaku, ndi matenda anga akale, ndipo lero mumva kumene andifikitsa.

Ndiyambe ndi kuthokoza, monga mwambo ufunira. Ndikuthokoza alimi amene anaumba njerwa za nyumbayi, amayi amene anatunga madzi, ndi abwenzi amene anatipatsa makompyuta anayi ndi magetsi a dzuwa ali padengawo. Koma koposa onse ndikuthokoza mayi Dorika ndi bambo Lucious. Awiriwa ndi ana a alimi a fodya a konkuno. Anapita kusukulu zapamwamba, anaphunzira kupanga mapulogalamu a kompyuta, ndipo akanatha kukhala mumzinda n'kumatiimbira foni pa Khirisimasi. Anabwerera kwawo. Anapanga pulogalamu ya pafoni imene mlimi akajambula tsamba la fodya kumaso ndi kumbuyo, iyo imamuuza giredi yake, kuti pomanga belo asasakanize masamba osiyana. Nyumba iyi ndi mmene azigwiriramo ntchito imeneyi ndi kuphunzitsa ena.

Mwandiitana kukhala mlendo wolemekezeka chifukwa akuti ndine ndinaphunzitsa makinawo kusankha fodya. Izi n'zoona. Koma theka lina la nkhaniyi a komiti sakulidziwa, Agogo Chalo sakulidziwa, ngakhale mayi a kunyumba kwanga amene akhala apowo sakulidziwa. Tsono khazikani mitima pansi.

Chaka chatha, fodya ali m'zigafa, mayi Dorika anafika pakhomo panga, nagwada monga mwana woleredwa bwino.

Anati, "Agogo, tabwera kudzapempha maso anu."

Ndinati, "Maso anga ndi awiri okha, ndipo onse ali pantchito."

Anaseka, kenako anafotokoza. Anati masiku ano kuli nzeru za makina, zimene sizichita kuuzidwa malamulo limodzilimodzi, koma zimaphunzira poonetsedwa zinthu zambiri, monga mwana amaphunzirira kusiyanitsa mbuzi ndi nkhosa popanda womuwerengera miyendo. Anati iwo ajambula masamba, ine ndizinena giredi ya tsamba lililonse, makinawo aziona ndi kumva mpaka azolowere.

Ine za makina ndinali nazo kale chifukwa. Mukukumbukira nonse chaka chija tinafola masiku atatu pa depoti ya feteleza wa sabuside, ziphaso zili m'manja, matumba tikuwaona ndi maso athu, koma kalaliki akungogwedeza foni m'mwamba n'kumati netiweki yathawa. Ndiye ndinawafunsa mayi Dorika kuti, "Fodya wanga nayenso azidikira netiweki?" Anati ayi, yawoyo ikalowa m'foni imagwira ntchito ngakhale kudambo kopanda netiweki. Ndinadabwa, koma sindinaonetse.

Chimene chinandiimitsa mutu ndi ichi. Ndinafunsa kuti, "Nzeru zimenezi mwazigula kwa yani?" Bambo Lucious anati, "Sitinagule, agogo. Anthu a m'maiko ambiri anapanga maziko ake n'kuwaika poyera kuti aliyense atenge, aone mmene anapangira, akonze pamene pali polakwika, awonjezere zake. Ifenso tikamaliza yathuyi tiiika poyera pomwepo, pamodzi ndi zithunzi zonse."

Ndinati, "Ulere?"

Anati, "Ulere."

Ndinati, "Bambo inu, kusukulu kuja anakuphunzitsani kapena anakuzunguzani mutu? Munthu afese nazale, aithirire m'mawa ndi madzulo, kenako agwetse mpanda n'kuitana dziko lonse kuti lidzazule mbande?"

Anati, "Nazale imeneyi, agogo, munthu akazula mbande, mbande ija imatsalanso pomwepo. Ndipo wozulayo nthawi zambiri amapalirako asanachoke."

Olemekezeka, ine ndaona zambiri. Ndinaona ndalama za Chingerezi zikusinthidwa kukhala kwacha, ndinaona makuponi akubwera ndi kupita. Koma mmisiri woyala luso lake pabwalo ngati chimanga chowanika ndinali ndisanamuonepo. Ndipo chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti luso limene ankafuna kuyala pabwalolo linali langa.

Kuti mumvetse chimene ndinachita, ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono. Ndinalowa ntchito pa esiteti ndili wa zaka makumi awiri ndi zinayi. Amene anandiphunzitsa kusankha anali a Tiyese, mkulu wamfupi, wa chala chimodzi chopindika, wosaseka ndi munthu. Anandiphunzitsa masamba a pansi, a pakati ndi a kunsonga. Anandiphunzitsa kumva kulemera kwa tsamba m'manja, kutalika kwake, mtundu wake, ndi fungo la fodya amene wayamba kuwola. Ndinkadziona ngati ndamaliza. Koma mwezi ndi mwezi kapitawo ankafika pa benchi yanga, n'kusolola masamba awiri atatu m'mulu wanga wa giredi yapamwamba, n'kundiponyera kumaso anthu akuona. Ndikawayang'ana masambawo, okongola, ofiirira bwino, opanda banga. A Tiyese ali pambali panga, chete, akusankha zawo.

Zaka zisanu ndi ziwiri, anthu inu. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuponyeredwa masamba kumaso, mpaka tsiku lina ndinatembenuza tsamba lina mwangozi dzuwa likulowa pakhomo la shedi, ndipo ndinachiona chimene kapitawo ankaona. Ndinathamangira kwa a Tiyese. Ndinati, "Bambo, mumadziwa?" Anati, "Ndimadziwa." Ndinati, "Nanga osandiuza bwanji?" Anandiyang'ana nati, "Iwe, mmisiri amaphunzitsa zisanu ndi zinayi, chakhumi amasunga. Ukauza mnzako zonse, mawa adzakufuniranji?"

Tsiku limenelo ndinawada a Tiyese. Koma lamulo lawolo ndinalitenga n'kuliika pamtima. Ndaphunzitsa anthu ambiri kusankha fodya, ena muli pompano, ndipo aliyense ndinamupatsa zisanu ndi zinayi. Ana anga obereka ndekha ndinawapatsa zisanu ndi zinayi. N'chifukwa chake chaka ndi chaka, nthawi yodinda mabelo ikafika, pakhomo panga pamakhala mzere wa njinga, anthu kudzanditenga kuti ndikaponye diso lomaliza.

Tsono ndinavomera kuphunzitsa makinawo, chifukwa kukana kukanaoneka ngati mantha. Kwa miyezi iwiri tinkakhala m'shedi ya kopaletivi. Mayi Dorika aika tsamba pa nsalu yoyera, ajambula kumaso, ajambula kumbuyo, ine ndiligwira, ndinena giredi. Masamba zikwi zisanu ndi chimodzi. Ndipo pa onsewo ndinanena zoona, kupatula mtundu umodzi. Likafika tsamba lija la a Tiyese, lokongola kumaso koma lobisa chilema chake, ine ndinkati, "Lapamwamba." Ndinkadziwa kuti silapamwamba. Ndinkanena ndi mawu okhazikika, mtima uli m'malo, ndikumati makinawa nawonso alandire zisanu ndi zinayi ngati anzawo onse.

Ndikumva kung'ung'udza kumbuyoko. Dikirani, sindinafike poipa penipeni.

Chaka chino pulogalamu ija inalowa m'mafoni a makalabu athu. Inagwira ntchito modabwitsa, moti ndinkachita nayo nsanje. Ambiri a inu munaigwiritsa ntchito, komabe pomaliza munkabwera kudzanditenga, ndipo ine ndinkasolola timasamba tija mwakachetechete, inu n'kumati akadalipo a Mbewe. Munthu mmodzi yekha sanabwere. Ndi mlamu wanga, mayi Lefina, mkazi wa malemu mng'ono wanga, amene akulera okha ana anayi. Akhala apo, pa benchi yachitatu, avala chitenje chobiriwira. Ndinakumana nawo panjira ya kuchigayo, ndinati, "Alamu, chaka chino simundifuna?" Anaseka nati, "Alamu, pumulani, mwakalamba. Ndili nanu m'foni. M'menemo simudandaula msana, ndipo simupempha thobwa."

Tinaseka tonse. Ndinkadziwa kuti chigafa chawo chili pamtunda, pamene mphepo imawomba osapuma, ndipo ndinkadziwa kuti masamba amene ndinanamiza makina aja amachuluka m'chigafa chotere. Ndikanatha kuwauza pomwepo panjirapo. Sindinawauze. Mumtima ndinati, asiyeni, aone ngati foni ili ndi mlamu.

Mabelo awo atatu anabwezedwa ku okushoni, akuti fodya wosakaniza. Ndipo mukudziwa mmene zimakhalira: belo la munthu mmodzi likabwezedwa, dzina la kalabu yonse limada. Kalabu inaitana msonkhano. Anthu anayamba kunena kuti mayi Lefina anabisa dala fodya woipa pakati pa wabwino kuti apusitse ogula. Iwo analumbira, analira, anati, "Ine ndinatsata foni tsamba ndi tsamba." Anthu anati foni sinama, anaiphunzitsa ndi a Mbewe. Ndiye anamasula belo limodzi, nandiitana ine kuti ndione, monga katswiri.

Ndinapita. Ndinapisa dzanja, ndinasolola masamba aja limodzilimodzi, ndinawayala pansi. Wapampando wa kalabu anafunsa kuti, "Agogo, amenewa ayenera kukhala m'belo limeneli?" Ndinati, "Sayenera." Anafunsanso kuti, "Foni ingalakwitse chotere?" Ndinayang'ana pansi, ndinati, "Ine za mafoni sindizidziwa."

Tsiku lomwelo anawachotsa m'kalabu. Kuyambira mwezi wa Juni mpaka lero, mlamu wanga akadutsa pamsika wa Chamama anthu amakodolana. Kutchalitchi, amayi a Mvano anawalanda udindo wosunga makiyi. Chaka chino alibe kalabu yogulitsira fodya, ndipo nazale yawo afesa osadziwa kuti fodyayo adzapita naye kuti. Munthu amene sanabepo ngakhale chitsononkho cha mwini.

Mayi a kunyumba, musandiyang'ane choncho, ndimaliza.

Mukufunsa kuti nanga zaululika bwanji, popeza ndinali ndekha wodziwa. Apa ndi pamene ine, munthu wa imvi, ndinaona chinthu chimene mpaka lero chimandiumitsa pakamwa.

Sabata zitatu zapitazo mayi Dorika anafikanso pakhomo panga, kompyuta yawo yopinda ili m'chikwama. Ulendo uno sanaseke. Anapempha kuti tikhale kuseri kwa chigafa, kopanda anthu.

Anati, "Agogo, talandira uthenga wochokera ku Brazil."

Ndinati, "Kumene amamenya mpira kuja?"

Anati, "Komweko. Amalimanso fodya. Kuli mayi wina wopanga mapulogalamu ngati ife. Anatenga pulogalamu yathu ndi zithunzi zathu paja tinaziika poyera, kuti athandizire alimi a kwawo."

Ndinati, "Mwaona? Ayamba kuzula mbande."

Anati, "Azula, koma apaliranso. Tamverani."

Mayi wa ku Brazil uja analemba m'chilankhulo chake, makina omwewo anatembenuza, mayi Dorika anandiwerengera. Anati pa zithunzi zikwi zisanu ndi chimodzi, wosankha wanu ndi katswiri woti sindinamuonepo, salakwitsa. Koma pali zithunzi mazana anayi zimene anazipatsa giredi yapamwamba pamene siziyenera, ndipo zonse mazana anayi zili ndi chizindikiro chimodzi, pamalo amodzi. Munthu wolakwitsa mwangozi amalakwitsa uku ndi uku. Uyu walakwitsa chinthu chimodzi kokwana mazana anayi osaphonya ngakhale kamodzi. Ndiye kuti amachiona bwino kuposa tonsefe. Chonde mufunseni chifukwa chake.

Abale anga, taganizani. Munthu amene sanapondepo ku Kasungu, amene sadziwa nkhope yanga, amene ngakhale Chichewa sachimva, wakhala kutsidya kwa nyanja zazikulu n'kuloza chala pa chinthu chimene ndinabisira ana anga kwa zaka makumi anayi. Ndipo amene anamulozera ndine. Ndinati ndikubisa, osadziwa kuti ndikuunjika masamba onse a chinsinsi changa pamulu umodzi kuti wodutsa aliyense awaone.

Komabe ndinalimba. Ndinati, "Mwina munalemba molakwika ndinu. Ine ndinkangonena, olemba munali inu."

Mayi Dorika sananditsutse. Anatsegula kompyuta ija, anati, "Agogo, pa ntchito yathuyi sititaya kanthu. Chilichonse chimene munthu wasintha kapena wanena chimasungidwa, ndi tsiku lake, ndi dzina lake, kuti pakalakwika tidziwe pobwerera." Anadina. Tsamba lija linaonekera. Kenako ndinamva mawu a nkhalamba ina ikuti, "Lapamwamba." Anadinanso. "Lapamwamba." Anadinanso. Pena nkhalambayo inkatsokomola kaye, chifuwa changa chomwechi. Akuti fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ine ndinali m'mbuna, koma mawu anga ankalankhulabe okha m'kompyutamo.

Ndinati, "Zimitsani."

Anazimitsa. Kenako ndinati, "Ndiye mukandinena?"

Anati, "Ayi. Pulogalamu taikonza kale, masamba mazana anayi aja tawabwezera pamalo pake, ndipo talemba poyera kuti zithunzi zina zinali ndi giredi yolakwika. Sitinatchule munthu. Izo ndi za makina, ndipo zatha. Koma za mayi Lefina si za makina, agogo. Ine ndikapita kukauza kalabu kuti foni inalakwa, adzati ndikuteteza mnzanga, kapena adzataya pulogalamu yonse. Amene angamveke ndinu."

Ndinati, "Mwana iwe, ukudziwa kuti ndine yani?"

Anati, "Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera kuseri kwa chigafa."

Ndinawathamangitsa. Inde, ndinawathamangitsa pakhomo panga ngati ndathamangitsa nkhuku pa mphale. Patapita masiku anayi kalata ya komiti inafika, mdzukulu anandiwerengera, akuti tikupempha a Mbewe, mphunzitsi wa makina athu, adzakhale mlendo wolemekezeka. Ndinaganiza kuti ndi msampha wa mayi Dorika. Ndinafufuza, ndinapeza kuti ayi, a komiti sadziwa kanthu, angondilemekeza ndi mtima woyera. Chimenecho chinandipweteka kuposa kompyuta ija. Ndikanatha kubwera lero, kuvala jekete ili, kudula nsalu, kudya mpunga ndi nyama, n'kubwerera kwathu dzina langa lili lonse, mlamu wanga ali pa benchi yachitatu akundiombera m'manja. Ndinayesa kudziuza kuti ndingathe. Ndakhala ndikudziuza mpaka m'mawa uno pomanga zingwe za nsapato.

Tsono tamverani, alimi anzanga, ndipo amene muli ndi mafoni jambulani, musachite kubisa m'zitenje. Chakhumi chija ndi ichi. Fodya akauma mothamanga chifukwa cha mphepo, kumaso amaoneka wakupsa bwino, koma sanapse. Tembenuzani tsambalo, muyang'ane kumbuyo, m'mbali mwa msempha wapakati, chakumunsi kumene linagwira phesi. Mukaona kubiriwira kozilala, ngati madzi otsukira masamba a nkhwani, limenelo silapamwamba, ngakhale likongole bwanji. Musayang'anire m'chigafa mwamdima, tulukani nalo pakhomo, kuwala kubwere chammbali. Ndipo ngati chigafa chanu chili pamtunda, tchingani mbali ya mphepo ndi udzu kuti fodya aume mofatsa. Basi. N'chomwecho. Ndi kanthu kakang'ono kotere kamene ndinaponyeredwa nako masamba kumaso zaka zisanu ndi ziwiri, ndi kamene ndinagulitsira mkazi wa m'bale wanga.

Bambo Lucious, paja munalemba kuti zithunzi zina zinali ndi giredi yolakwika, mukawonjezere. Mukalembe kuti sizinalakwike mwangozi, anazinamiza dala ndi Amosi Mphonde wa ku Chamama, ndipo wavomera yekha pamaso pa mafumu. Ngati mumasunga zonse, sungani ndi chimenechi. Ndipo mayi wa ku Brazil uja mukamuyankhe funso lake. Mukamuuzenso kuti ali ndi diso, akanabadwira kuno ndikanamulemba ntchito pa benchi yanga.

Musaganize kuti ndasanduka wopembedza makina. Ayi. Ndaona bambo Lucious akulankhula ndi kompyuta ngati akutuma munthu, iyo n'kumalemba yokha pulogalamu mizeremizere, mofulumira kuposa mvula ya matalala. Koma ndinawaonanso akuwerenga mzere uliwonse n'kumapukusa mutu, akuti nthawi zina imanama ndi nkhope yowongoka. Ndinati, imeneyo ndiye ndikuidziwa, inaphunzira kwa anthu ngati ine. Makinawa alibe manyazi, alibe nsanje, sadziwa mlamu, sadziwa mdani. Chimene mwawadyetsa n'chimene adzabzikula, ndipo adzachibzikulira pa munthu amene wawakhulupirira kwambiri. Chimene chinapulumutsa ife si nzeru zawo. N'chakuti mayi Dorika ndi bambo Lucious anagwetsa mpanda uja ndinkawanyoza nawo. Akanatseka, akanabisa monga ndimabisira ine, bodza langa likanakhala m'mafoni anu chaka ndi chaka, ndipo mukanachotsa m'makalabu anthu osalakwa mmodzimmodzi, ine ndikusolola masamba n'kumatamandidwa.

Mayi Vailet, wapampando wathu, ndikupempha pamaso pa Agogo Chalo ndi pamaso pa boma kuti dzina la mayi Lefina libwerere m'kalabu lero, dzuwa lisanalowe, ndipo kalabu imene inawachotsa poyera iwalandirenso poyera. Abusa, makiyi aja abwerere m'manja mwawo. Ngati kalabu ikufuna munthu woti imuchotse chifukwa cha mabelo atatu aja, munthuyo ndi uyu waima apa. Mwagwedeza mutu, mayi wapampando? Nenani mokweza, akumbuyo amve. Mwamva nonse, akuti komiti ikhala pansi mwambo ukangotha, ndipo palibe chokambirana chachitali. Zikomo, mayi.

Tsopano alamu. Mayi Lefina. Sindinagwadirepo munthu chimwalirireni mayi anga, ndipo mawondowa akapinda sindikudziwa ngati adzawongokanso, koma ndigwireni mkono bambo mfumu, nditsike pa nsanja pano. Alamu, munandikhulupirira ine, osati foni. Ndinakuonani mukulira pa msonkhano uja ndipo ndinayang'ana pansi. Feteleza wanga wa sabuside wa chaka chino, matumba onse awiri, apita kumunda kwanu, ndipo fodya wanu ndidzasankha ndi manja anga mpaka tsiku limene manjawa adzaleke kugwira. Ndikudziwa kuti zimenezi sizitsuka miyezi isanu ya kukodoledwa pamsika. Ndikupempha kuti mundikhululukire.

Aimirira. Apatseni mpata, alankhule. Musawapatse chimkuzamawu ngati sachifuna, ndiwamvera pompano.

Ndamva, alamu. Ndamva.

Amene muli kutali, ndikuuzeni zimene anena, poti lero ndi tsiku losabisa. Akuti chikhululukiro sachipempha pa chimkuzamawu anthu akuombera m'manja. Akuti ndikabwere kwawo Loweruka, ndi akuluakulu a banja, ndikanene zonsezi pamaso pa ana a m'bale wanga, amene akhala akutchedwa ana a mayi wakuba kusukulu. Akuti za fetelezazo tikakambirana komweko, ndipo thobwa ndisakaliyembekezere. Akutinso ndidzuke, ndikudetsa buluku, ndipo anthu akudikira kuti nditsegule nyumba.

Loweruka ndidzafika, alamu, m'mawa, wapansi. Ndidzutseni, bambo mfumu. Pang'onopang'ono.

Olemekezeka oimira Bwanamkubwa, Agogo Chalo, mafumu, atumiki a Mulungu, amayi ndi abambo, munaitana mlendo wolemekezeka, ndipo mwalandira amene mwamuonayu. Ngati mukundilolabe kugwira lumo ili, ndiye ndi mphamvu zimene komiti yandipatsa, ndikulengeza kuti nyumba ya makompyuta ya kopaletivi ya Mdyankhanga yatsegulidwa kuyambira lero, kwa mlimi aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe.

Zikomo kwambiri.